Tsamba Lachinayi

Ine ndine wa makina a fotokope,
m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale
momwe fani inafa kalekale
ndipo kutentha kwa Mangochi kumalowa osagogoda.

Lachinayi lililonse Rukiya Mtalika ankabwera,
mpango wobiriwira kumutu,
mapepala atawabisa m'buku la unamwino.
"Achimwene, inki isachepe pa tsamba lachinayi."
Pansi pa nkhani ankasaina kuti Nankungwi,
ngati panali wina wosamudziwa.

Ankalemba zomwe ena timanong'ona.
Za kondomu yokalambira m'thumba la kumbuyo.
Za ayi wa mtsikana, kuti ndi ayi ndithu
ngakhale wadya tchipisi chako pa Boma.
Za malikisi ogulitsidwa mu ofesi yotseka makatani.
Apa ndiye anaponda chisa cha mavu.

Anyamata a ku hositelo anamupatsa dzina
loti pakamwa panga silingatuluke,
nalilemba ndi makala pakhoma la chimbudzi,
nambala yake ya foni m'munsi.
A mapemphero anachezera kumanga chiwanda cha m'nyuzi.
Ena anatuma mawu kwa amalume ake ku Namwera.
Belu ndi adhana
sabata imeneyo zinayankhula chimodzi.

Koma ine ndimawerenga mapepala.
Makope mazana awiri ankatha teni isanakwane.
Omwewo okuwa masana
ankabwera madzulo, maso ali kudenga:
"Mundikopere kamodzi, ndikamutsutse bwino."
Nkupinda kanayi, nkulowetsa m'sokosi.

Bambo Kalitera anaitanitsa msonkhano mu holo.
Anati "chikhalidwe chathu" kasanu ndi kawiri, ndinawerenga.
Za makatani aja sanatchule.
Atsikana atatu anaimirira kumbuyo osanena kanthu,
wachinayi ananyamuka theka, nkukhalanso.

Mmawa mwake ndinamuona pa kabaza,
chikwama pamiyendo, kulunjika ku mlatho.
Teremu imodzi kunyumba, akaganize bwino.
Sanalire. Anangondikuwira kuti,
"Katoni ija musataye!"

Tsopano tsamba lachinayi ndi zigoli za mpira
ndi chithunzi cha alendo akudzala mtengo.
Makope makumi atatu amatsala,
amayi a mandasi amakulungira.

Katoni ija ilipo, ya sopo, yoboola pamwamba,
momwe ankaponyamo mafunso opanda maina.
Palibe anaiuza kuti nkhani inatha.
Ndikapita kokamwa tiyi, imadya.
Dzulo ndinainyamula kuti ndisese pansi,
kulemera ngati muli njerwa.

Kapepala kena kanatsalira pakamwa pake,
kong'ambidwa m'kope, zilembo zonjenjemera:
"Nankungwi, miyezi iwiri sindinapite kumwezi.
Iye akuti sakundidziwa.
Ndiyambire kuti?"

Ndinakakankhira m'kati ndi chala.
Ndinayatsa makina, anayamba kung'ung'udza.
Awa amangobwereza zomwe wawapatsa.
Kuyankha sadziwa.