Bokosi la a Tarcisio

Ku Orange Grove, m'nyumba yonunkha khofi ndi mankhwala a mawondo,
ntchito yanga ndi kudzutsa nkhalamba pabedi,
kuimeta ndevu, kuiwerengera mapiritsi.
Koma likafika Lamulungu masana
a Tarcisio amati: Fatsani, tsitsa bokosi lija.

Ndi bokosi la nsapato, koma nsapato mulibe.
Muli timu.

Chithunzi choyamba n'chofiirira ngati tiyi wogona:
anyamata asanu ndi anayi, nthiti zowerengeka,
nkhondo itangotha kumene kwawo kumpoto kwa Italiya.
Bwalo lawo linali shedi ya fakitale ya mafiriji,
denga lobooka, chisanu chikulowa osaodira.
Mkombero wachitsulo anaupinda ndi bambo awo,
ukonde analuka ndi azakhali
amene basiketibolo sanaionerepo n'kamodzi komwe.
Mpira unali umodzi.
Ukaphulika, masewero ankadikira wosoka nsapato.

Kenako dzina linayamba kugulitsidwa.
Chaka chino pachifuwa palembedwa mafiriji,
chaka chamawa mabisiketi, kenako banki, kenako simenti,
buluu wa malaya yekha ndiye anakana kusintha.
Apa ine ndimaseka chamumtima,
poti nane ku Joni kuno ndakhalapo Frank,
ndakhalapo Sipho pamaso pa apolisi,
pomwe mayi anga ku Ntcheu amadziwa dzina limodzi basi.

Kunabwera chimphona cha ku Amereka
chowerama polowa m'tchalitchi,
chimene usiku chinkalira posowa wocheza naye.
Ndicho chinawapatsa chikho choyamba.
A Tarcisio sanachione.
Anali kuno, atagwada m'bafa la mpondamatiki wina ku Houghton,
akumata matailosi,
ndipo nkhaniyo inawapeza patatha masabata atatu
m'nyuzipepala imene mlongo wawo anakulungiramo tchizi.
Akuti anakuwa okhaokha m'basi,
mayi wina n'kusamuka pampando.

Zikho zinatsatana. Amazitchula ndi zaka zake,
chonsecho dzina la mdzukulu wawo limawathawa.

Ndiye kunadza chaka cha ngongole.
Mwini timu anasowa ngati mame,
pachitseko panapachikidwa loko,
anyamata a buluu n'kutsikira kumaligi a m'maholo a sukulu
kumene oonerera amadziwana mayina.
Ogulitsa nyama anasonkha, anamwino anasonkha,
wansembe anayendetsa mbale kawiri.
Naonso a Tarcisio anatumiza marandi awo kudzera kupositi
akazi awo osadziwa.
Lisiti lake lilimo m'bokosimu, lopindidwa kanayi,
pansi pa chithunzi cha ukwati.

Anakwera ngati wokalamba pamasitepe:
phazi, kupuma, phazi.

Lero ndi fainolo.
Ndaimika foni potsamira botolo la mafuta ophikira,
tonse awiri taweramira kagalasi kong'aluka.
Kwatsala masekondi anayi, tatsalira ndi pointi imodzi.
Inde, ndati tatsalira.
Sindikudziwa kuti ndinalowa liti m'timuyi,
ine amene tauni yawoyo sindingailoze pamapu.
Mnyamata wakuda ngati ine, wobadwira konko,
walandira mpira, wadumpha, wausiya,

magetsi thi!

Majenereta a aneba ayamba kutsokomola.
Alamu ya galimoto ikulira kumsewu.
Mumdimamo dzanja lawo lozizira lafufuza langa,
lakweza chigongono changa, lapinda zala zanga:
umaponya chonchi, Fatsani, chala ichi chimatsala pomaliza.
Kenako motsitsa mawu, ngati mwana wofunsa za maliro:
Walowa?

M'thumba ndili ndi kafoni kena, kali ndi bandulo yokwanira.
Sindikukatulutsa.
Ndikuwauza kuti ukadali m'mwamba, bwana.

Agwedeza mutu, akhutira.
Zaka zonsezi akhala akudikira nkhani zochedwa,
usiku umodzi si kanthu.
Ndawafunditsa bulangete,
ndapapasa chivindikiro pansi pa mpando,
ndatseka bokosi.