Malo a Mtengo wa Mandimu

Unamera m'chitini cha penti
pawindo la kukhitchini,
kuchokera ku njere imene Amaro analavula
tsiku lina akuyamwa ndimu, nkhope ili thinathina.
Lero mizu yatulukira pansi pa chitini
ngati zala m'sokosi yakale.

"Amayi, wapanikizika," akutero.
Zaka zisanu ndi chimodzi, dzino lakutsogolo palibe.
Iye wakumbatira chitini pamimba,
ine fosholo yobwereka kwa bambo Floridor osoka nsapato.

Mu Valparaíso mulibe chidikha.
Nyumba zimaberekana kumsana mpaka pamwamba pa phiri,
ndipo pamene palibe nyumba pali masitepe.
Akuwawerenga mokweza, wasokonezeka pa sikisite,
akufuna titsike tikayambirenso. Ndakana.

Kuseri kwa tchalitchi fosholo yalira ngwee,
simenti yabisala pansi pa udzu.
Pafupi ndi njanji ya chikepe chokwera phiri
mlonda wapukusa mutu tisanayankhule:
mizu ndi mapaipi sizimwerana madzi.
Malo achitatu ndawakonda ine,
pali dzuwa, khoma likutchinga mphepo ya kunyanja,
koma agalu anayi agona pomwepo.
"Adzaukodzera mpaka ufe."
Sindinatsutse.

Manja ake atopa, koma chitini sakundipatsa.
Takhala pansi. Kumunsi sitima zikutsitsa katundu padoko,
zing'onozing'ono ngati zidole zake.
Tsamba limodzi lathothoka panjira.
Walitola, waliika m'thumba.

"Mukusaka chiyani ndi kamtengo ako?"
Mawu achokera pamwamba, pakati pa malaya oyanika.
Mayi Eduvigis, zopanira zovala zili kukamwa,
atsika pang'onopang'ono, bondo likuwavuta,
atitsegulira lata loimikidwa ndi waya.

Bwalo lopanda kanthu. Nthaka yakuda.
Masitepe atatu okwera kopanda khomo.
"Munali nyumba ya mng'ono wanga Herminia," akutero,
"moto wa chaka chija unasiya izi zokha.
Iye ali kumpoto kwa ana ake, sabweranso.
Kumbani pamene mwakonda."

Amaro wayendayenda ngati munthu wogula munda.
Apa ayi. Apa mthunzi. Apa nyerere.
Waima pakona, wagunda ndi chidendene.

Fosholo yalowa mofewa, yatulutsa makala,
chigoba cha botolo, kenako supuni yopindika.
Mayi Eduvigis aipukuta pa epuloni nthawi yaitali.
"Eya, apa panali khitchini.
Ankadandaula kuti mandimu adula."

Tang'amba chitini, chifukwa mizu yakana kutuluka.
Iye akukwirira ndi manja, akuponda mozungulira,
madzi a m'botolo lathu lakumwa onse wathira.
"Ubala liti?"
Zaka zisanu, mwina zisanu ndi ziwiri.
Akuwerenga zala, zala zatha.

Sindinamuuze kuti mwininyumba wathu
akufuna nyumba yake mwezi wa Malichi,
kuti ndayang'ana kale zipinda kutsidya, ku Quilpué.
Mawu ndawameza, awawasa pakhosi.

Pobwerera sakulakwitsa:
masitepe zana limodzi, makumi atatu ndi anayi.
"Mawa tibwere ndi mabotolo awiri."
Mawa tibwera.

Kumwamba kuja mayi Eduvigis akadali chiimire.
Supuni ija aizika pambali pa tsinde
ndipo akumangirirapo kamtengo ndi ulusi wofiira,
kuti mphepo ya usiku isakagwetse.