Kope la a Lifeyo

A Lifeyo Kamtedza satsegula mosungira onga
asanayang'ane kagalasi kopachika pa msomali.
M'mawa amalemba nambala m'kope, masana ina.
Dzuwa la Okutobala likalasa malata a pa kwale ya Khombedza
amavula chipewa, kukanda dazi, osayankhula.

Ine ndinabwera kudzaphunzira ntchito
ndikuyesa kuti onga umaopa moto basi.

Anandigwiritsa mtanda umodzi, wosalala ngati sopo wochapira.
"Iwe ukuona chinthu chimodzi," anatero,
"koma umu muli khamu.
Timibulu tosawerengeka, tonga shuga,
tomatidwa ndi ulimbo wa pulasitiki.
Kukatentha zonse zimafufuma,
mbulu paokha, ulimbo paokha,
sizipangana.
Kukazizira zimabwerera,
koma palibe chimene chimapeza malo ake enieni.
Pamatsala kampata.
Mawa kena.
Tsitsi lakoli ndi chingwe cha ng'ombe
ukaliyerekeza ndi ming'alu imeneyo."

Ndinautembenuza m'manja. Ndinasowa ndi chipsera chomwe.

Lachinayi lina anakana mabokosi asanu ndi limodzi
omwe anagona sabata zitatu mu lole yofera pa Kaphatenga,
usana kupsa pansi pa lona,
mbandakucha kunyowa ndi mame.
Kapitawo analusa, chala chili pa deti la pa katoni:
likadali kutali, mdala iwe!
Iwo anangoti, "Katoni sanena kumene wagona."
Anawadula malipiro a masiku awiri.

Madzulo ake ndinawakankhira njinga mpaka kwawo.
A Nasimelo anali pakhonde, akusankha mpunga m'lichero.
Moni wawo unali wa anthu okumana pa depoti.
Zaka makumi atatu ndi ziwiri:
maliro a ana awiri, ngongole ya feteleza,
kupsetsana mtima, kuziziritsana,
kupsetsananso.
Ku tchalitchi amakhala benchi limodzi, nsalu yofanana,
ndipo achinyamata amauzidwa kuti atengere pomwepo.
Pondipatsa madzi akumwa, kapu inanjenjemera pang'ono.
Sindikudziwa ngati linali dzanja la mayiwo kapena langa.

A Lifeyo anapuma ntchito chaka chatha, maso atachita khungu.
Kope lili ndi ine.
Ndimalemba nambala m'mawa, masana ina,
ndipo masiku ena ndimaima nthawi yaitali pakati pa mabokosi,
mpweya nditaugwira,
ngati kuti khutu la munthu lingamve
kambulu kakulekana ndi ulimbo wake.