Ogasiti Pansi pa Mphangwe

Chisanu sichinatsanzike.
Chinangobisala m'dambo ngati mwana wolakwa,
ndipo usiku wa Lachiwiri chinatuluka
n'kukhudza matimati anga tsamba ndi tsamba.
M'mawa ndinawapeza atada, atazolika,
mizere isanu ndi inayi, fizi ya Zelipa.

Phiri la Mphangwe lero silioneka bwino.
Utsi walikuta mpaka m'khosi.
Anyamata osaka mbewa anayatsa tchire dzulo,
usiku moto unakwera ngati mkanda wofiira,
ife tikuonera patali, manja m'khwapa.

Pofika teni koloko juzi yayamba kulemera.
Ndiivula. Mphepo ibwera kuchokera ku Mozambiki
ndi fumbi, makoko a nshawa, pepala la sopo.
Kamvuluvulu anyamula udzu wa a Masauso
umene anaunjika kuti afolere khitchini.
Authamangira, atukwana, kenaka aseka okha.

Zidendene zanga zang'ambika ngati nthaka ya m'dimba.
Mafuta odzola anatha.
Chitsime chatsikanso mkono wina,
chingwe ndachilumikiza ndi chitenje chakale.

Koma mtengo wa mango kuseri kwa khola wachita maluwa,
njuchi zili piringupiringu,
ndipo pamtsetse wa phiri, pakati pa phulusa,
mitondo yatulutsa masamba ofiira, anthete,
osadikira mvula.

Ndatsala ndi mbewu theka la paketi.
Madzulo ano ndifesanso,
nazaleyo ndiifunditse udzu
monga ndimfunditsira Zelipa
akamatsokomola mbandakucha.