Mabotolo Makumi Awiri

Loweruka, pa Lizulu, chifunga chisanachoke,
ndinayala chiguduli pakati pa kabichi ndi kachewere,
zigumu m'lichero, mabotolo makumi awiri m'ndowa.
Dzina lake sindinabise. Ndinalemba ndi khala pa katoni:
njere za chamba chosaledzeretsa.

Njerezo ndimagula kwa mlamu wanga Zefaniya,
amene munda wa gulu lawo uli ndi waya ndi chiphaso m'felemu.
Ndimazikazinga paphale ngati mtedza,
kusinja, kusefa.
Zimanunkhira ngati nsinjiro ya kwa eni.
Madalaivala a mathiraki amagula awiriawiri
nakafika ku Zalewa maso ali gwa.

Cha m'ma teni anabwera a Kachigamba a ku khonsolo,
nsapato zopolisha m'matope athu,
pepala m'manja, wapolisi pambuyo akuyasamula.
Anati kulima n'kwina, kudyetsa anthu n'kwina.
Anati botolo lililonse lifunika chidindo,
ndipo chidindo chimakhala ku Blantyre,
ndipo mtengo wake
anautchula motsitsa mawu, ngati uthenga wa maliro.

Ndinati, Bambo, lawani.
Anayang'ana wapolisi, kenaka nsapato zawo.
Mwezi watha analawa, ndikudziwa,
anagula zitatu, n'kupempha banyira.
Lero pakamwa pawo panali pa boma.

Nanga mbewu ili ndi mlandu wanji?
Mphwake ndiye amapenga m'misewu,
kuvula anyamata malaya, kuwaseketsa okha pa depoti.
Iyi ndi ya phee, yopita kutchalitchi,
koma masamba ndi amodzimodzi, zala zomwezo,
ndiye nkhuyu zodya mng'ono zapota mkulu.

Anatsegula limodzilimodzi, kuthira m'ngalande.
Choyera chinayenda pansi pa matimati owola.
Mbuzi za a Nangondo zinabwera kudzanyambita,
msika wonse n'kuima, ngakhale oitanira minibasi,
kudikira kuti zivine ngoma.
Mbuzi zinanyambita, zinayetsemula,
n'kupita kukaba kabichi monga mwa masiku onse.
Anthu anaseka. A Kachigamba sanaseke.
Analemba lisiti, nandibwezera mabotolo opanda kanthu,
naonjezera kuti pepani, mawu osalembedwa papepala.

Tsidya la msewu ndi Mozambiki.
Mapazi khumi ndi awiri, ndinawerengapo.
Rozinya anandikodola ali pa benchi lake,
akuti bwera kuno, mvula ya uko sifika kuno.
Koma nayenso ali ndi a Kachigamba ake
olankhula Chipwitikizi,
ndipo fizi ya Tiyezge salipira ndi metikashi.

Ndinatsuka mabotolo pa mjigo madzulo.
Makumi awiri, limodzi long'aluka.
Mawa ndiphika thobwa wamba, wa mawere,
amene palibe anamufunsapo dzina la atate ake.

Ana a sukulu amaimabe pa ngalande ija
mvula ikagwa, kusuzumira ngati pamera kanthu.
Ndimawauza kuti pitani, muchedwa.
Ndinazikazinga ndekha njerezo.
Sizimera.