Sikelo ya ku Luchenza

Zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu
ndinakhala patsinde pa bulugama
kupachika madengu a tiyi pa mbedza ya sikelo,
kulemba makilo m'buku la kampani.
Tsono musandiphunzitse kuyeza.
Ndimadziwa ndi makilo awiri aja tinkachotsa
ponamizira kuti tsamba lanyowa ndi mame.

Lero akuyeza mdzukulu wanga Dafuleni.

Masewerawa anabwera m'chikwama cha mphunzitsi wachilendo:
ndodo imodzi, magolovesi anayi,
mipira yosokedwa ndi ulusi wofiira.
Iye ankati besibolo. Ana anangoti mpira wa chibonga.
Mphunzitsi anapita kwawo, chibonga chinatsala,
ndipo mnyamata amene ankagenda anyani m'munda wa nandolo
anapezeka kuti dzanja lake lamanzere lili ndi mtengo.

Anafika Loweruka pa galimoto yoyera, amuna awiri,
wina atanyamula kamfuti kosaomba.
Akaloza nako mpira, iko kamatchula nambala.
Anamuyeza msinkhu, phewa, kutalika kwa zala,
chaka chobadwa anafunsa kawiri konse
monga wogula ng'ombe asuzumira mano.

Pepala lawo linali la masamba asanu ndi awiri.
Ndinavala mandala anga omanga ndi waya.
Pa kwacha zana lililonse, makumi atatu n'za womupeza.
Nsapato ndi ngongole. Pasipoti ndi ngongole.
Mazira a m'mawa, ngongole.
Ndinafufuza mzere wonena za chigongono
tsiku limene chidzati thapu.
Pamenepo pepala lili duu.

Ku khonsolo a Namakhwa anaimirira, tayi ili pamimba,
nati bwalo lamakono ndilo chitukuko:
alendo adzadzaza malo ogona,
mandasi adzatha dzuwa lisanafike paliwombo.
Malo alipo, kuseri kwa siteshoni ya sitima
kumene amayi amayala nthochi ndi nanazi.
Eni timu asapereke msonkho zaka khumi,
mpanda timange ndife, msewu tikonze ndife,
tikachedwa akuti apita nazo kwina.
Manja anaombedwa.

Mwana wanga Esinala, make Dafuleni,
amadula chiphaso cha msika m'mawa uliwonse
asanagulitse ndi phava limodzi lomwe.
Iyeyo tchuthi cha msonkho sanachimvepo.

Ndinakweza dzanja. Ndinafunsa chimodzi chokha:
pa chaka, geti lidzatsekulidwa masiku angati?
Anati madala, khalani pansi, izi n'zamakono.
Ndinakhaladi, n'kuwerenga pa zala.
Makumi awiri, tikawakomera mtima.
Masiku otsalawo kapinga azidzamwa madzi
a paipi yomwe inakanika kufika ku chipatala.

Komatu ndisaname.
Madzulo ena ndinaima pa chulu kumuonerera.
Anakweza bondo ngati kakowa,
phiri la Mulanje lili kumbuyo kwake, bii,
mpira n'kuchoka m'dzanja osaoneka,
kungomveka phaa m'golovesi ya mnzake.
Ndinakuwa. Ine, kalaliki wopuma,
ndinakuwa mpaka chipewa chinagwa.
Chimenecho ndilibe sikelo yake.

Esinala anadinda chala Lachiwiri.
Malata asanu ndi atatu afika kale pakhomo,
akunyezimira poyedzamira mpapaya.
Sindinamuletse. Mvula ya chaka chatha
tinaitchera m'mabeseni atatu m'chipinda.

Usiku womaliza mnyamata anandijambulira pansi ndi kamtengo:
apa, agogo, ndi pakhomo.
Ukamenya umathawa, ngodya yoyamba, yachiwiri, yachitatu,
koma chigoli sachiwerenga
mpaka utabwerera pomwe unachokera.

Ndinangogwedeza mutu.
Ndaona tiyi wathu akukwera malole zaka zonsezi,
tsamba labwino kulowera ku Limbe, kenako kutsidya kwa nyanja.
Kuno kumabwerera fumbi lake
m'timapaketi ta pa okala,
ndipo timagula.