Tsamba 31

Wisikesi, kope lako ndikadali nalo,
lija unandipatsira pa depoti
uli, "Nkhani iyi woyendetsa ndiwe."

Ndinakukhulupirira.
"Ukafuna Asiyatu akwere minibasi ya ku Jali, pita tsamba 9.
Ukafuna alondole bambo wa ambulera yofiira, tsamba 14."
Ndinasankha ambulera.
Tinadutsa pa Mpondabwino, matope m'miyendo,
mpaka pa mlatho wa Likangala
pomwe bamboyo anacheuka, dzanja lili m'thumba.
"Chimene watulutsa, ona tsamba 31."

Tsamba 31 ndi mizere yokhayokha.
Pakona, nambala ya wogulitsa makala
ndi ngongole ya sopo.

Ndinabwerera, n'kukwera ya ku Jali.
Nayonso inathera mafuta pa tsamba 12,
pakati pa chiganizo.

Miyezi isanu mtsikana ali chiimire.
Mtsinje wadzaza, waphwera,
dzanja lija silinatulukebe.

Dzulo ndakuona ku Matawale, bolopeni kukhutu,
ukuuza anzako kuti wayamba ina,
ya mizukwa ya kuphiri, njira zake makumi anayi.

Wisikesi iwe,
kamuchotse kaye mwana wa eni pamlathopo.
Kukuzizira.